Luso Loyeza Mwana Osamulakwira

Minibasi zochokera ku Limbe zikamaima pa Maselema m'mawa, pakati pa anthu othamangira ku ntchito pamapezekanso mayi wobereka mwana amene msinkhu wake ndi woyenda yekha. Ulendo wake ndi wotsika ndi msewu wa Masauko Chipembere, kudutsa Chichiri, kukatsikira pa Ginnery Corner n'kulowa ku Queens. Ambiri mwa amayi otere amadziwa chimene chawadzutsa m'mamawa: chifuwa, malungo, bala losapola. Koma alipo ena amene vuto lawo lilibe dzina. Mwana wakwanitsa zaka zitatu koma sanatchulepo "amama". Mukamuitana sacheuka, chonsecho pepala la bisiketi likangokhwekhwereza kuseri kwa chitseko amalimva. Amatha nthawi yaitali akuzunguza chivindikiro cha ndowa, anzake akusewera pafupi pomwepo, iye osawalabadira. Kunyumba achibale anagamula kale: wina akuti analodzedwa, wina akuti bambo ake anamukhwimira kuti geni iyende, wina akuti ndi mwano chabe, angofunika kamkwapulo.

Munthu amene akamulandire mwanayo alibe magazi oti akayeze n'kupeza yankho. Vuto lotere likhoza kukhala autism, imene sioneka pa X-ray, ndipo palibe makina amene amaiwerenga ngati amawerengera tizilombo ta malungo. Zimene ali nazo ndi maso ake, mafunso, ndi tizinthu tochepa toika patsogolo pa mwana. Ntchito yonse yagona pa kusankha funso loyenera ndi kanthu koyenera. Luso limeneli aphunzitsi a m'mayunivesite akhala akulinola kwa zaka zoposa 50, kuyambira ku Lusaka ndi ku Katete mpaka kuno ku Blantyre, ndipo ndimalilemekeza kwambiri chifukwa likalakwika amene amasenza zotsatira zake ndi mwana wosatha kudziyankhulira.

Vuto linayamba ndi zida zobwereka. Mu 1967 akatswiri awiri a mumzinda wa Denver ku America, a William Frankenburg ndi a Josiah Dodds, anakonza ndandanda yoonera ngati mwana akukula bwino. Inakonzedwanso mu 1992 n'kukhala ndi zinthu 125 zoyeza, ndipo inafalikira m'zipatala za ana padziko lonse. Ndi ntchito yabwino kwa ana amene anaikonzera. Koma mkati mwake muli kufunsa ngati mwana amatha kudzikonzera chakudya cham'mawa cha m'paketi chothira mkaka, ngati amasewera masewera a pabolodi kapena a makadi, ngati amakwera masitepe. Mwana wa ku Namitambo amene nyumba ya kwawo ilibe sitepe ngakhale imodzi, amene m'mawa amamwa phala, akalephera zimenezi pepala limati watsalira. Kuipa kwake kuli pawiri. Mwana wabwinobwino amapatsidwa mbiri yoti ali ndi vuto, ndipo woyeza uja, poona kuti pepalalo likunama kawirikawiri, amasiya kulikhulupirira, kotero kuti tsiku limene lanena zoona iye amangolinyalanyaza, mwana wofunikadi thandizo n'kubwerera kunyumba.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuonetsa poyera pamene panali cholakwika ndi Pulofesa Robert Serpell. Anabadwira ku England, anafika ku Zambia mu 1965, anaphunzitsa psychology pa University of Zambia, ndipo kuyambira 2003 mpaka 2006 anali Vice-Chancellor wa yunivesiteyo. Kafukufuku wawo amene anatuluka mu 1979 ndi wosavuta kumufotokoza, n'chifukwa chake ndimamukonda. Anatenga ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester n'kuwapatsa ntchito imodzi: kuona chithunzi kapena kaumbidwe ka chinthu n'kupanga chofanana nacho. Chimene ankasintha ndi chogwirira ntchitoyo. Pena pensulo ndi pepala, pena waya, pena dongo. Pa pensulo ana a ku Manchester anapambana. Pa waya anapambana a ku Lusaka, ana ozolowera kupinda magalimoto a mawaya. Pa dongo, chinthu chimene magulu onse awiri ankachidziwa, panalibe woposa mnzake.

Nzeru ya kafukufukuyu ili pa dongolo. Akanangoyesa pensulo ndi waya basi, wotsutsa akanati magulu awiriwa ali ndi mitu yosiyana, ena ndi a zojambula, ena ndi a zamanja. Dongo linatseka khomo limenelo. Linaonetsa kuti mutu ndi umodzi, chosiyana ndi chimene manja anazolowera. Munthu amene amaganiziratu za wotsutsa wake asanayambe ntchito, n'kuika m'kafukufuku chinthu chomuyankha, ndiye mmisiri weniweni pa ntchito imeneyi.

Ku Katete, m'midzi ya Achewa, a Serpell anachita chinthu china chimene akatswiri ambiri a nthawi imeneyo sankachiganizira. M'malo mofika ndi mayeso, anafunsa akuluakulu a pamudzi kuti, patagwa zakutizakuti, mwa ana awa mungatume uti, ndipo chifukwa chiyani? Mayankho anaonetsa kuti kwa makolowo mwana wanzeru si wochenjera kokha ayi, komanso wotumika, womvera, amene ungamusiyire udindo mtima uli m'malo. Zimenezi anazilemba m'buku lawo la mu 1993, The Significance of Schooling, ndipo kuchokera m'ntchito yomweyo munatuluka mayeso otchedwa Panga Munthu, m'mene mwana amapatsidwa dongo kuti aumbe munthu, woyeza n'kuwerenga ziwalo zimene waikapo.

Kuno ku Malawi ulusi umenewu anautola a Melissa Gladstone, dokotala wa ana wochokera ku Britain amene ankagwira ntchito ku Blantyre m'zaka za m'ma 2000, panopa ndi pulofesa pa University of Liverpool. Poyamba iwo ndi anzawo anayesa kungosintha zida za kunja kuti zigwirizane ndi ana a kumudzi kuno. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2008, zinaonetsa kuti mbali ya kayendedwe ndi kagwiridwe ka zinthu inkatheka, koma mbali ya kakhalidwe ka mwana pakati pa anthu inkakana. Pamenepa munthu waulesi akanangophatika chigamba n'kupitirira. Iwo anabwerera kumidzi, kukakhala pansi ndi makolo ndi ena osamalira ana, n'kuwafunsa chimene amaonera kuti mwana akukula bwino. Zimene anamva zinafanana ndi za ku Katete: ulemu, kutumika, kucheza ndi anzake, kugwira tintchito ta pakhomo.

Chida chimene chinatuluka chimatchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT, ndipo chinasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya PLoS Medicine. M'gulu lochikonza munali a Eric Umar, katswiri wa psychology wa ku College of Medicine, a Maggie Nyirenda, a Edith Kayira, ndi a Gillian Lancaster, katswiri wa masamu a kafukufuku. Chili ndi zinthu 136 zoyeza, 34 m'gawo lililonse mwa magawo anayi: kayendedwe ka thupi lonse, kagwiritsidwe ntchito ka zala ndi maso, chilankhulo, ndi kakhalidwe pakati pa anthu. Kuti adziwe msinkhu umene ana ambiri amakwanitsira chinthu chilichonse, anayeza ana athanzi 1,426, kuyambira makanda mpaka a zaka 6, m'madera a Namitambo, Mikolongwe, Nguludi ndi Bvumbwe. Mwana akalephera zinthu ziwiri kapena kuposerapo m'gawo limodzi, zimene ana 90 pa 100 aliwonse a msinkhu wake amazitha, ameneyo ndiye wofunika kumuonetsetsa. Atachiyesa pa ana odziwika kale kuti ali ndi ulumali wa mu ubongo, chinazindikira 97 pa 100 aliwonse. Kuyeza mwana mmodzi kumatenga pafupifupi mphindi 30.

Manambalawa ndi ofunika, koma luso lenileni limaoneka mukakhala pambali n'kuonerera. Tiyerekeze namwino wophunzitsidwa bwino ntchitoyi. Sakhala pampando kuseri kwa tebulo. Amayala mphasa, n'kukhala pansi kuti nkhope yake ikhale pa msinkhu wa mwanayo.

"Mayi, mungomukhazika pamwendo panupo. Musamuuze chochita, tingomuona," amatero.

Kenako amaika njere imodzi ya chimanga patsogolo pa mwana. Kuti mwana aitola ayi, limenelo si funso lalikulu. Namwinoyo akuyang'ana katoledwe kake. Khanda laling'ono limaikokolola ndi chikhatho chonse. Lokulirapo limaipana pakati pa chala chachikulu ndi zala zina zingapo. Lina limaitola bwinobwino ndi nsonga za zala ziwiri, chachikulu ndi cholozera. Pakati pa katoledwe koyamba ndi komaliza pali miyezi ingapo ya kukula kwa ubongo, ndipo zonsezi zikuwerengedwa pa njere imene ili m'nyumba iliyonse. Mwana sachita nayo mantha, mayi sadabwa nayo, ndipo ikatayika sipafunika kuitanitsa ina kunja. Dzanja la namwino limakhala lili pafupi kuti njereyo isafike kukamwa.

Kwa mwana wokulirapo pali botolo loti atsegule chivindikiro n'kutsekanso, timitengo toti asankhepo katali, mpira woti amenye. Ndiye pali mafunso opita kwa mayi, ndipo apa m'pamene pamafunika kusamala koposa. Mukafunsa kuti, "Kodi amadya yekha?" pafupifupi mayi aliyense ayankha kuti eya, chifukwa palibe amene amafuna kuti mwana wake aoneke wotsalira, komanso chifukwa funsolo ndi lotakata kwambiri. Wodziwa ntchito amafunsa kuti, "Nanga nsima, amatema yekha n'kupanga mbamu, kapena mumachita kumutemera?" Mayi amayamba wakhala chete pang'ono, akukumbukira chakudya cha dzulo, ndipo yankho limene limabwera ndi la zimene anaonadi ndi maso. Funso labwino limamubwezera munthu ku tsiku lenileni ndi mbale yeniyeni.

Tsono MDAT si chida chopezera autism, ndipo amene anachikonza sananenepo zimenezo. Chimangonena kuti mwana uyu watsalira pa chilankhulo kapena pa kakhalidwe, osati chifukwa chake. Komabe pa mphasa pomwepo, diso lophunzitsidwa limaona chinthu chachiwiri chimene sichili pa njereyo. Mwana watola. Kenako watani? Ana ambiri akachita chinthu chatsopano amadzutsa mutu n'kuyang'ana mayi awo, ena amawaonetsa chimene atolacho, osati popempha kanthu, koma kungofuna kuti aonere limodzi. Namwino akaloza nkhuku imene ikudutsa panja n'kunena kuti "Taona!", mwana wa chaka ndi miyezi ingapo amatsata chalacho mpaka pa nkhukuyo, kenako n'kubwezera maso kwa wolozayo ngati akuti ndaiona. Mwana wa autism kawirikawiri sachita zimenezi, kapena amachita mwa apo ndi apo. Akafuna madzi amatha kugwira dzanja la mayi ake n'kulikokera ku ndowa, osawayang'ana kumaso. Kuyenda kwa maso kumeneku, kuchoka pa chinthu kupita kwa munthu n'kubwereranso, kumachitika m'kanthawi kochepa zedi, ndipo amene sanaphunzitsidwe kukudikira sakuona n'komwe.

Pano m'pamene chikhalidwe chathu chimathandiza komanso kusokoneza. Chimathandiza chifukwa makolo athu amayang'anitsitsa zinthu zomwezo zimene autism imakhudza: moni, kugawana, kuyankha ukaitanidwa, kutumika. Agogo a pakhomo amazindikira msanga kuti mwana uyu sali ngati anzake, nthawi zambiri asanaonedwe ndi wachipatala aliyense. Koma chifukwa zinthu zimenezi timaziwerengera ku ulemu, mwana wozilephera timamuweruza ngati wamwano, ndipo mayi ake ngati wolekerera. Ndiye pali nkhani ya maso. Mafunso ambiri a kunja amafuna kudziwa ngati mwana amayang'ana munthu m'maso polankhulana. Ife mwana wakhalidwe timamuphunzitsa kuzolika pamaso pa akulu. Mwana wa zaka zinayi woleredwa bwino, atakhala pamaso pa mlendo wovala yunifolomu, amene mwina amamukumbutsa jakisoni wa kusikelo, ayang'ana pansi basi. Woyeza wosasamala alemba kuti sayang'ana m'maso. Wosamala amasiya kudziyesa yekha muyezo, n'kuonerera mwanayo ndi mayi ake, kapena ndi mkulu wake amene wabwera naye, n'kufunsa za nthawi imene ankayamwa: kodi ankakuyang'anani? Ankaseka mukamuseketsa?

Ndipo asanatchule autism ayenera kuchotsapo zina zimene kuno n'zochuluka. Mwana wosacheuka akaitanidwa mwina sakumva, chifukwa cha mafinya a m'khutu amene anatenga nthawi. Mwina ali ndi khunyu la mtundu wosagwetsa, longomuzimitsa kwa kamphindi. Mwina ananyentchera ali wakhanda. Mwinanso anadwalapo malungo a mu ubongo, amene ku Queens afufuzidwa kwa zaka zambiri, ndipo n'zodziwika kuti ana ena opulumuka amatsala ndi mavuto a kulankhula, a kuphunzira ndi a khalidwe. A Emmie Mbale, dokotala wa ana wa ku Blantyre, anachitapo kafukufuku womvetsera makolo a ana oterewa ndi azaumoyo owasamalira, pofuna kudziwa mavuto amene iwowo amaona kuti ndi aakulu. Funso limodzi lokha, lakuti, "Kodi anali chonchi chibadwire, kapena anasintha atadwala?", limatha kupatutsa njira yonse.

Mbiri ya autism payokha ndi yodzala ndi anthu ophunzira amene anafulumira kugamula. A Leo Kanner anaifotokoza mu 1943 ku Baltimore, ataona ana 11. Kwa zaka zambiri pambuyo pake akatswiri ena ankaloza chala amayi, amvekere sanawakonde ana awo mokwanira, ndipo bodza limeneli linapweteka mabanja ambiri lisanatsutsidwe. Ena ankati ku Africa kulibe, mpaka a Victor Lotter anayendera mayiko angapo a kuno, kuphatikizapo Zambia, n'kulemba mu 1978 kuti ana otere anawapeza. Mu 1998 kunatuluka nkhani yoti katemera wa chikuku ndiye amayambitsa, koma magazini ya The Lancet imene inaisindikiza inaichotsa mu 2010 itapezeka kuti inali yachinyengo. Chimene chikudziwika lero n'chakuti mwana amabadwa ndi ubongo wokula mwa njira yakeyake, kuti chibadwa cha m'banja chimatengapo mbali yaikulu, ndipo bungwe la WHO linanenapo kuti ndi pafupifupi mwana mmodzi pa 100 aliwonse.

Zida zopezera autism zilipo, koma zodalirika kwambiri, monga ADOS, n'zodula, zimafuna katswiri wophunzitsidwa mwapadera, ndipo zidole zake zinasankhidwa poganizira ana a kwina. Chosavuta ndi M-CHAT-R, mafunso 20 oyankha eya kapena ayi, a makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30. Ngakhale pamenepo womasulira ayenera kukhala maso. Funso lina limafuna kudziwa ngati mwana amavutika ndi phokoso la tsiku ndi tsiku, ndipo chitsanzo chake ndi makina opopera fumbi m'nyumba. Ku Bangwe kapena ku Zingwangwa chitsanzocho sichikumbutsa mayi chilichonse. Mutchulireni chigayo, kapena owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu, kapena zimkuzamawu za kutchalitchi, ndipo akuuzani nthawi yomweyo ngati mwana wake amatseka makutu n'kukuwa.

Pulofesa amene wabweretsa kafukufuku wa autism pafupi kwambiri ndi makomo athu ndi a Bhismadev Chakrabarti. Anayamba ndi maphunziro a chemistry ku Delhi, anakachita PhD ku Cambridge pansi pa a Simon Baron-Cohen, ndipo amatsogolera kafukufuku pa Centre for Autism ya University of Reading. Funso lawo linali lakuti: kumene kulibe akatswiri, kodi munthu wamba wa zaumoyo atanyamula tabuleti angathe kuzindikira mwana wofunika kuonedwa? Gulu lawo linakonza pulogalamu yotchedwa START, ndipo kakonzedwe kake n'kogometsa chifukwa pafupifupi sikadalira chilankhulo. Mwana amaonetsedwa makanema awiri mbali ndi mbali, ina ya anthu, ina ya zinthu zongoyenda, kamera ya tabuletiyo n'kumaona kumene maso ake akupita. Amaonetsedwa gudumu lozungulira kuti aone ngati akopeka nalo mopitirira. Amatsata gulugufe ndi chala, amaphulitsa thovu pagalasi, ndipo tabuleti imalemba mmene chalacho chikuyendera ndi mphamvu imene akudinira. Ataiyesa m'makomo a ku Delhi pa ana 131 a zaka 2 mpaka 7, oyeza ake ali anthu osakhala akatswiri, inatha kusiyanitsa molondola ana a vuto la kakulidwe ka ubongo ndi anzawo pa 86 mwa 100 aliwonse. Zotsatirazi zinatuluka mu 2023.

Kuchokera pamenepo kunabadwa ntchito yaikulu yotchedwa STREAM, yofuna kuyeza ana 4,000 a zaka zosapitirira 6 ku India ndi ku Malawi, ndipo mbali ya kuno inachitikira mu Blantyre mogwirizana ndi Kamuzu University of Health Sciences, a Gladstone ndi a Mbale ali momwemo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti tabuleti sinabwere kudzachotsa njere ya chimanga. MDAT inalowa m'ntchitoyo limodzi ndi masewera a pagalasi. Ndipo n'koyenera kutero, chifukwa phunziro la a Serpell silinathe ntchito: galasi la tabuleti nalonso ndi chogwirira, ngati pensulo, ngati waya. Mwana wa ku Chilomoni amene amaseweretsa foni ya amayi ake madzulo aliwonse ndi mnzake wa ku Machinjiri amene sanaikhudzepo sayambira pamzere umodzi. Njira yokhayo yodziwira kukula kwa kusiyanako ndi kuyeza ana ambiri a konkuno, ntchito yotopetsa, yodya ndalama, yopanda chodabwitsa choti n'kulengeza pa wailesi, koma yosalumphika.

Nanga mphunzitsi wa luso lotere amayezedwa bwanji? M'mayunivesite ambiri, teremu ikamatha ophunzira amapatsidwa fomu yoti anene za mphunzitsi wawo: ankamveka bwino, ankasunga nthawi, mayeso ake anali achilungamo. Mafomuwa ali ndi ntchito yake, ndipo mphunzitsi wanzeru amawawerenga modzichepetsa. Koma m'ntchito yoyeza ana muli njira ina imene ndimaiona kuti ndi yozama kuposa fomu. Anthu awiri amaonerera mwana mmodzi, aliyense n'kulemba payekha osaonerana, kenako n'kufananitsa mapepala. Wophunzira akasiyana ndi mphunzitsi wake, amabwerera pa chinthu chimene asiyanacho mpaka aone chimene chinamudutsa. Koma ngati oyeza ambiri ophunzitsidwa bwino akusiyanabe pa funso lomwelo, ndiye kuti cholakwika chili pa funsolo, ndipo amene analilemba ayenera kulikonza kapena kulitaya, ngakhale atalikonda chotani. Ndi mmene MDAT inasefedwera: zoyeza zinayamba zochulukirapo, ndipo zimene oyeza sankagwirizana, kapena zimene sizinkatsata msinkhu wa ana bwinobwino, zinachotsedwa mpaka kutsala 136. M'njira imeneyi namwino wa pa mphasa amakonza ntchito ya pulofesa, ndipo pulofesa wabwino amayembekezera zimenezo.

Mtima umenewu suli wachilendo pa sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1991 ngati College of Medicine ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya KUHeS. Pulofesa Chiwoza Bandawe, katswiri wa psychology amene waphunzitsa madokotala ambiri pamenepo, wakhala akulimbikira kwa zaka zambiri, m'kalasi, m'danga lawo la Life Tools m'nyuzipepala ya Weekend Nation, ndi m'buku lawo la Practical uMunthu Psychology, kuti maphunziro a maganizo a munthu aphikidwe mumphika wa kuno. Dokotala wachinyamata amene wamva zimenezi, mayi akamuuza kuti mwanayu anamukhwimira, samuseka kapena kumudzudzula. Amafunsa kuti ananena ndani, anayamba liti kunena, ndipo apita kale kuti kukafuna thandizo, chifukwa m'mayankho amenewo muli mbiri ya mwanayo, komanso muli chimene chingachititse kuti mayiyo abwerenso kapena asadzabwerenso.

Kuyeza pakokha sikuphunzitsa mwana kulankhula, ndipo ndikudziwa kuti kholo limene lauzidwa dzina la vuto limafunsa pomwepo kuti, ndiye titani? Mankhwala ochiza autism kulibe. Chimene chilipo ndi kuyamba msanga, m'mera mpoyamba, ndi kuphunzitsa amene amakhala ndi mwanayo tsiku lonse. Bungwe la WHO lili ndi maphunziro a makolo a ana a zaka 2 mpaka 9 amene akutsalira pa kakulidwe, okonzedwa kuti aziperekedwa ndi anthu osakhala akatswiri, ndipo mfundo zake n'zotheka pakhomo lililonse: khalani moyang'anizana ndi mwana, lowani m'chimene iye wakonda m'malo momukokera ku chanu, gwiritsani ntchito mawu ochepa, ndipo mukamusambitsa kapena kumudyetsa muziima pang'ono n'kudikira kuti apemphe, kaya ndi mawu, ndi dzanja kapena ndi diso. Ku Nguludi komwe kuja, kumene ena mwa ana 1,426 anayezedwera, kuli Montfort Special Needs Education College, imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Anthu ophunzitsidwa motere akadali ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, ndipo ndikanakonda kuti m'sukulu za mkombaphala ndi kusikelo, kumene ana onse amadutsa, mukhale anthu ambiri odziwa kudikira diso la mwana likamachoka pa njere kupita kwa mayi ake.

Chida chimene chinayambira m'midzi ya ku Chiradzulu ndi Thyolo chinatuluka m'dziko muno kalekale. Ku Zimbabwe, m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi, kafukufuku wamkulu wa SHINE, wofufuza za kadyedwe ndi ukhondo, anayezera MDAT kakulidwe ka ana a zaka ziwiri. A Gladstone ndi a Lancaster analinso m'gulu limene linathandiza WHO kukonza muyezo wa dziko lonse wa ana osapitirira zaka zitatu, wotchedwa GSED, umene unatuluka mu 2023. Ndipo ofufuza a ku Dominican Republic, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, atafuna chida choyezera ana a kwawo anatenga MDAT, n'kuyamba ntchito yomwe ija imene anzathu anagwira ndi ndandanda ya ku Denver: kuimasulira m'Chisipanishi, kusintha zimene ana a kumeneko sangazidziwe, n'kuiyesanso pa ana awo.